Utsi m'Kabotolo ka Mapiritsi

Lachinayi lililonse, nthawi yoweruka ikamayandikira, Mzime ankawerenga mapiritsi a odwala ngati wina akumuthamangitsa. Anzake a pawindo la mankhwala pachipatalapo anali atamudziwa kale. Ankangotsinana n'kumanong'ona mokweza dala kuti, "Musamuchedwetse, lero ndi tsiku la mabandeji." Iye ankavula gauni, n'kusamba m'manja ndi madzi okhaokha opanda sopo wonunkhira, n'kuponya m'chikwama timabandeji tiwiri tatsopano ndi timabotolo tiwiri ta mapiritsi topanda kanthu, ulendo. Anzakewo ankadziwa kuti pali mwamuna, poti zotere nkhope siibisa. Chimene sankadziwa n'choti mtsikana wosalawapo mowa chibadwire ankathamangira kusitolo ya mowa.

Nkhaniyi inayamba ndi bambo ake. Mkuluyo anathera unyamata wake wonse m'mimba mwa sitima zapamadzi, akukonza injini. Chaka chapitacho anachita sitiroko, dzanja lamanja n'kufa, mawu n'kumatuluka limodzilimodzi movutikira. Tsiku lina amayi atatuluka, bambowo anamukodola Mzime, mwana wawo womaliza, n'kumulozera bokosi la masipanala kunsi kwa bedi. Pansi penipeni pa bokosilo panali botolo lopanda kanthu, lokulungidwa m'ovolosi yakale, pepala lake litasupuka kalekale. Mkuluyo anazula chotsekera ndi mano, n'kununkhiza, n'kupukusa mutu. Fungo linali litathawa.

"Ili," anatero. "Ndipezere. Kumwa ayi. Kununkhiza basi."

Anali wisiki amene woyendetsa sitima wina anawapatsa tsiku limene anadzutsa injini yakufa pakati pa nyanja. Dzina la wisikiyo linapita ndi sitiroko. Chimene chinatsala m'mutu mwawo ndi fungo lokha, fungo la masiku amene manja awo onse awiri ankagwira ntchito.

Vuto linali amayi. Achimwene ake a Mzime, mwana wamwamuna yekhayo m'banjamo, anamwalira pangozi ya galimoto akuchokera kumowa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Chichokereni kumanda, amayi analumbira kuti botolo la mowa lidzalowa m'nyumba mwawo iwo atatsogola kale. Ngakhale matambula aatali anawagawa kwa aneba. Pamsewu umene panali malo omwera, iwo ankawolokera tsidya lina.

* * *

Mwini sitolo uja anthu ankamutchula kuti a Mphuno. Si kuti inali yaikulu ayi, inali mphuno ngati ya wina aliyense, koma ikanena kuti vinyo uyu wakhalitsa padzuwa panalibe wotsutsa. Sitolo yake inali yopapatiza, pakati pa malo ochapira zovala ndi shopu ya mafoni, mashelefu mpaka kudenga ndi makwerero amatabwa olira munthu akamakwera.

Tsiku loyamba Mzime analowamo atazyolika ngati wakuba, n'kuika chotsekera cha botolo chija pakauntala. Mwamunayo sanamuseke. Anachinunkhiza nthawi yaitali atatsinzina.

"Utsi," anatero. "Phula. Mchere wa kunyanja. Ndi chipatala. Uyu si wisiki wosakaniza ayi, ndi uja wa chimera cha balere chokhachokha, wophikidwa pamalo amodzi. Chimeracho amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la m'dambo, lija limayaka ngati nkhuni likauma, ndipo ena mwa awisiki amenewa amatuluka ndi kafungo ka ayodini aka. Ambiri akangonunkhiza amathawa, amati ndi mankhwala a pabala. Koma amene wamukonda sabwereranso m'mbuyo."

Awisiki amtundu umenewu analipo ambirimbiri, ndiye anapangana njira. Lachinayi lililonse Mphuno ankafunafuna awiri, kwina kupempha kwa anzake a m'mahotela, kwina kutsegula ake. Ankadontheza pang'ono pakabandeji, mowawo n'kuuluka, fungo n'kutsala. Mzime ankatsekera kabandejiko m'kabotolo ka mapiritsi, n'kulemba nambala, n'kupita nako kwa bambo ake.

Sabata yachinayi, pa nambala seveni, bambo ake anangonunkhiza kamodzi misozi n'kuyamba kutsika. "Ili," anatero. "Ili, mwanawe."

Mzime anakondwa masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anafika pakhomo pa sitolo n'kumupeza Mphuno ali pamakwerero, akupukuta mabotolo uku akuimba likhweru losalongosoka. Ndi pamene anazindikira kuti akangoti inde, chotsala n'kugula botolo, kuthokoza, n'kutsazikana. Kasitomala wopeza chimene amafuna amabwereranjinso?

"Nanga seveni uja?" anafunsa Mphuno asanatsike n'komwe.

"Akuti ayi," anatero Mzime.

Bodzalo linatuluka lokha, iye n'kulimva ngati walankhula ndi munthu wina. Anadziuza kuti ndi sabata imodzi yokha. Koma mtima ukalawa chokoma suwerenga kalendala, ndipo tsopano masabata asanu anali atadutsa.

* * *

"Tambasulani manja, a Mzime," anatero Mphuno Lachinayi limeneli.

Anamudonthezera madontho awiri pachikhatho.

"Tikitani. Ayi, musafulumire, mowawo uyambe wauluka. Tsopano phimbani mphuno. Mukumva chiyani?"

"Moto wozimitsidwa ndi mvula," anatero Mzime atatsinzina. "Ndi pulasitala watsopano, uja tangomutulutsa m'pepala."

"Inu mundilanda ntchito."

Anamugwira pamkono n'kukokera zikhatho zake pafupi ndi nkhope yake kuti amve yekha. Mpweya wake unali wofunda. Mzime anayang'ana kumbali, n'kuyamba kuwerenga mabotolo a pashelefu yapamwamba. Ankamukonda munthu uyu. Ankamukonda mopweteka, kuyambira likhweru lake loipa mpaka momwe ankapindira manja a malaya, wina pamwamba wina pansi. Masiku ena onse a sabata anali ongodikirira mphindi ziwiri zimenezi.

Mphuno anamusiya manja n'kuusa moyo.

"Ndikuuzeni zoona, ine zikundidya. Chiyambireni ntchito iyi sindinaphonyepo kasanu. Pano tili pa seventini ndi eyitini. Seveni uja ndinali naye chikhulupiriro, ndikanatha kulumbira. Bambo anu sakunditukwana?"

"Ayi ndithu. Akuti musataye mtima."

"Munthu wodwala kumulimbitsa mtima munthu wabwinobwino. Manyazi ake!"

Mzime anatsegula pakamwa. Mwina akananena pomwepo, ndani akudziwa. Koma belu la pachitseko linalira, ndipo munalowa perefyumu, mwini wake akubwera pambuyo. Anali Wamaoda, mayi wa kukampani imene inkabweretsa katundu m'sitolomo, wamtali, wa galimoto yofiira imene ankaiimika paliponse pamene wafuna. Iye ndi Mphuno anagwirapo ntchito limodzi pabala ya hotela ina, ndipo Wamaoda sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

"Mphuno wanga, ukadali moyo?" Kenaka anatembenukira kwa Mzime, kumwetulira kuli pakamwa pokha. "Eee, akasitomala athu onunkhiza aja alipo? Masabata naini, koma inu ndiye muli ndi khama. Ena timagulitsa mowa, anzathu akugawa fungo."

"Perefyumu yakoyo yandiphera ntchito ya lero," anatero Mphuno akutsegula windo.

"Ndakubweretsera yankho, iwe ukundinyoza. Lolemba kukuyamba chionetsero cha ophika wisiki kumzinda wa kugombe, masabata awiri. Kumabwera madala oti ukawapatsa chotsekera chokha amakuuza ndi chaka chomwe. Ndili ndi malo a anthu awiri. Pogona ndasungitsa kale."

Mzime anafuna kufunsa kuti zipinda zingati, koma anali ndani iye kuti afunse? Anatseka timabotolo take, n'kulemba manambala mothamanga, moti eyitini anaoneka ngati munthu wogwa.

* * *

Kunyumba amayi anamulandira ndi funso la masiku onse. "Wabwera nawo mankhwala a bambo ako?"

Limeneli linali bodza lina, ndipo linali lalikulu kuposa lija la seveni. Mzime anawauza amayi kuti timabandejito ndi mankhwala onunkhiza odzutsa ubongo wa munthu wa sitiroko. Tsiku loyamba amayi ananunkhiza okha, n'kukwinya nkhope mokhutira. "Eee, akununkha chipatala chenicheni. Amenewa ndi amphamvu." Kuyambira pamenepo ndiwo ankandanda timabotoloto pawindo motsata manambala, n'kumatipukuta fumbi, n'kumawakalipira bambo akaiwala kununkhiza m'mawa. Anafika pouza azimayi anzawo a kwaya kuti mwana wawo akuwachiritsa bambo ake ndi njira yatsopano.

Bambo ananunkhiza seventini n'kukankhira kumbali. Eyitini sanamumalize n'komwe. Amayi atapita kukatereka tiyi, anatukula dzanja lawo lamoyo lija, n'kutambasula zala zisanu, n'kupinda, n'kutambasulanso ziwiri. Kenaka anapisa pansi pa pilo n'kutulutsa kabotolo ka seveni. Mzime anakanunkhiza. Munangotsala fungo la pulasitiki.

"Botolo lake akuliitanitsa, ababa. Limachokera kutali. Enawa tikungoyesa podikirapo."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sitiroko inawalanda mawu, koma maso inawasiya onse awiri.

"Mnyamata... wabwino?"

"Uti, ababa?"

"Wa Lachinayi."

Anaseka ndi theka la pakamwa limene linkamverabe, ndipo Mzime anabisa nkhope m'manja ngati kamwana ka sukulu. Bambo anamusisita pamutu. Kenaka kuseka kuja kunazilala, ndipo anadzigunda pachifuwa pang'onopang'ono.

"Umuuze... afulumire. Ine... masiku... ochepa."

Amayi analowa ndi thireyi, n'kumupeza Mzime akuyang'ana pawindo, akuti m'maso mwalowa kachitsotso.

* * *

Lachisanu masana, pamzere wa odwala panaoneka munthu wosaoneka ngati wodwala. Wamaoda anafika pawindo n'kutsamira ngati ndi pakauntala ya bala.

"Mutu, achemwali. Mundipatseko timapiritsi."

Mzime anamupatsa mapiritsiwo.

"Mphuno ndamudziwa zaka teni," anatero Wamaoda akutembenuza kapepala ka mapiritsiko m'zala. "Akaphonya kawiri, kachitatu saphonya. Ndiye ine ndikamamva seventini, eyitini, ndimadzifunsa kuti kodi yafa ndi mphuno ya abambo anu, kapena pali china chimene chimafera panjira?"

"Kumbuyo kwanu kuli odwala enieni."

"Ndikupita. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wanuyu akadali pachala, achemwali, ndipo kunjaku kuli mphepo."

Nthawi yopuma, Mzime anakhala pabenchi ya kuseri kwa chipatala n'kutulutsa foni. Panali uthenga wochokera kwa munthu amene anamusunga ndi dzina loti Mabandeji.

"Ndaganiza zopita Lolemba. Sindingalole kuti bambo anu azidikira chifukwa cha mphuno yanga yokalamba."

"Masabata awiri ndi ambiri," analemba Mzime.

"Kwa bambo anu kapena kwa inu?"

Analemba kuti, "Kwa ine." Anafufuta. Analembanso kuti, "Ndi seveni, ndinakunamizani, musapite." Anawayang'ana mawuwo mpaka foni inazima yokha, n'kuwafufutanso. Zoterezi munthu amanena maso ndi maso.

"Kwa sitolo yanu," anatumiza.

"Sitolo siithawa."

"Mawa masana ndibwera. Pali zoti ndikuuzeni."

"Loweruka? Ndiye kuti dziko latembenuka. Bwerani. Nanenso pali nzeru ina imene ndapatsidwa, muiona."

Mzime sanafunse kuti wapatsidwa ndi ndani. Mtima wake unali wotanganidwa ndi kusanja mawu a mawa, kuti ayambira pati, ndipo akafika pa chifukwa chake adzayang'ana kuti.

* * *

Loweruka m'mawa anasita diresi yabuluu imene ankaisunga. Akumangirira tsitsi pagalasi anamva kugogoda, kenaka mawu a amayi akuti, "Lowani, lowani bambo." Kenaka anamva mawu ena, ndipo chipeso chinagwa m'manja mwake.

Pabalaza panali Mphuno, atamanga tayi, manja a malaya onse awiri atatsitsidwa bwinobwino. Pamiyendo pake panali kabokosi kamatabwa, ndipo m'katimo munali timabotolo tagalasi ting'onoting'ono, topanda dzina, tokhala ndi manambala okha. Adiresi anali nayo kuyambira tsiku loyamba, pakhadi la oda limene Mzime analemba yekha.

"Mzime, bwanji sunanene kuti adokotala a mankhwala onunkhiza abwera?" anatero amayi nkhope ili ngwee. "Ndangowamva fungo pakhomo ndadziwiratu. Tereka tiyi, utenge makapu a alendo aja."

Mphuno anayang'ana Mzime modabwa. Chimene ankadziwa n'choti amayi sakonda mowa, monga amayi ambiri. Za achimwene ake Mzime sanamuuzepo, ndipo za mankhwala onunkhiza anali kuzimva koyamba.

"Ndimati ndisananyamuke ndiyeseko kamodzi," anatero motsitsa mawu amayi akukonza makatani. "Mnzanga uja anandiuza kuti mwina fungo likumathera m'njira, m'pulasitikimo. Ndiye ndabwera nawo onse, bambo anunkhize m'galasi."

"A Mphuno, chonde, tulukani kaye. Ndikufotokozerani panja."

"Akatulukirenji mlendo asanamwe tiyi?" anatero amayi. "Iwe ulemu unausiya kuti?"

Ndiye kwa mphindi khumi Mzime anaona chimene ankachilota masabata onsewa. Mphuno anakhala pampando wa alendo m'nyumba ya kwawo, kapu ili m'manja. Amayi anamufunsa za makolo ake, ngati amapemphera, ngati ali pabanja. Atayankha kuti sanakwatire, amayi anamuponyera Mzime diso lija la azimayi limene limanena zonse. Zinali zokoma moti Mzime anafuna kulira, chifukwa ankadziwa kuti mpando umenewo waperekedwa kwa munthu amene kulibe.

Bambo anatulutsidwa pa njinga yawo ya olumala. Mphuno anagwada pambali pawo, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri, n'kuyamba kutsegula timabotolo. Loyamba, bambo anapukusa mutu. Lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi. Mzime anaima pakhomo la khitchini akuwerenga manambala. Atafika pa seveni, mkuluyo anakoka mpweya kamodzi, n'kugwira dzanja la Mphuno mwamphamvu za umakaniko wake wakale.

"Lafika!" anatero. Chichitireni sitiroko anali asanakwezepo mawu chonchi. "Seveni. Lafika? Mwaitanitsa... kalekale. Masabata... asanu. Zikomo, mwanawanga."

"Masabata asanu?" anatero Mphuno.

"Ndinamuuza... Mzime. Tsiku... lomwelo."

Mphuno anatembenuka pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangomuyang'ana Mzime, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

Amayi sanaone chilichonse. Anali akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wawo. "Mwamva mmene alankhulira? Mawu onsewo! Adokotala, mankhwala amenewa dzina lake n'chiyani? Tigule botolo lalikulu, lisamasowe m'nyumba muno."

Mzime anapukusa mutu momuchonderera. Akanangotchula dzina lililonse lachilendo, amayi akanalilemba kuseri kwa kalendala n'kuthokoza. Koma Mphuno anali munthu woti kasitomala akanyamula vinyo woipa amamulanda m'manja.

"Mayi, mundikhululukire. Ine si dokotala. Ndili ndi sitolo ya zakumwa. Awa si mankhwala, ndi wisiki."

Amayi anaika kapu yawo pathireyi mosamala kwambiri. Anayang'ana timabotolo tandanda pawindo tija, timene ankatipukuta fumbi ndi manja awo m'mawa uliwonse. Kenaka anayang'ana chithunzi cha mwana wawo chimene chinali pakhoma.

"Mukumuona uyo?" anatero. Mawu awo anali otsika. "Anali wamsinkhu wanu. Anthu a ntchito yanu anamugulitsa mpaka botolo lomaliza, n'kumuthokoza, n'kumutsegulira chitseko. Tengani katundu wanu."

"Mayi, sindinadziwe."

"Amene amadziwa ndi uyu." Anatembenukira kwa Mzime. "Wandinunkhiritsa mowa ine? Wandiimiritsa pamaso pa anzanga ndikutamanda mowa? Ndinaika mwana mmodzi chifukwa cha botolo. Sindinadziwe kuti wachiwiri ndiye adzalilowetsa m'nyumba, ine n'kumamuthandiza kupukuta."

Mphuno anatolera timabotolo take. Atafika pa seveni, bambo anakafumbata n'kukabisa pachifuwa. Amayi anatambasula dzanja.

"Bambo a ana, bweretsani."

"Ayi," anatero mkuluyo, liwu limodzi lomveka bwino.

Mphuno anatseka kabokosi kali ndi malo amodzi opanda kanthu, anawerama, n'kutuluka.

* * *

Mzime anamupeza pageti. Anali atathamanga wopanda nsapato.

"A Mphuno, imani kaye."

Anaima, koma sanatembenuke msanga. Tsidya la msewu panali galimoto yofiira, injini ikulira, ndipo Wamaoda anali pachiwongolero akudziyang'ana pagalasi ngati sakuona kanthu.

"Masabata asanu," anatero Mphuno. "Ine ndayenda m'mahotela onse ndikupemphetsa madontho. Ndinafika poganiza kuti mphuno yanga yatha, ndiyambe kugulitsa mafoni. Chifukwa chiyani, a Mzime?"

Mawu onse amene anasanja dzulo anabalalika. Anatsala oona okha.

"Ndinkaopa kuti Lachinayi litha. Ndikanati inde, mukanandikulungira botolo n'kunditsazika. Ndinalibe chifukwa china chobwerera. Ndimakukondani, a Mphuno. Ndi zimene ndimabwera kudzanena masana ano."

Mwamunayo anatsinzina, ndipo kwa kanthawi Mzime anaganiza kuti amugwira dzanja.

"Mukanangonena," anatero. "Mukuganiza kuti ndimatseka sitolo mochedwa Lachinayi chifukwa cha ndani? Lachinayi ndikanakupatsani, ndi Lachisanu lomwe, ndi sabata yonse. Botolo la seveni lakhala pashelefu yanga nthawi yonseyi, mumaliyang'ana mukamabwera. Koma mwasiya bambo odwala akudikira, n'kundisandutsa ine wowadikiritsa. Lero mwandilowetsa m'nyumba ya mayi wolira mwana wake, nditanyamula chimene chinamupha, ine ndikumwa tiyi wawo."

"Ndikonza. Ndipatseni nthawi, ndilankhula nawo amayi."

Galimoto ija inaimba hutala kawiri, mofupikitsa.

"Botolo lapezeka," anatero Mzime. "Ndiye ulendo wa Lolemba uja ulibenso chifukwa. Si choncho?"

Mphuno anasintha kabokosi kuchoka m'dzanja lina kupita lina. Maso ake anali ofiira.

"Dzulo ndimapita chifukwa cha bambo anu," anatero. "Lero ndikupita chifukwa cha inu."

Anawoloka msewu. Wamaoda anawerama n'kumutsegulira chitseko ali m'kati momwemo. Mzime anaima pageti, miyala ikumubaya kumapazi, mpaka galimoto inakhota pakona. Ndi pamene anamva kumbuyo kwake kiyi akutembenuka pachitseko cha kwawo.